Malamulo a m'kalasi ndi homuweki ku Sitandade 4, anzanga mumatani?

Madamu_Std4:

Moni aphunzitsi anzanga ndi makolo muli muno. Ine ndangochoka kumene ku TTC, koleji ya uphunzitsi, ndipo andipatsa Sitandade 4 pa sukulu ina ya boma kumudzi kuno ku chigawo chapakati. Mu rejisita muli ana oposa 100, Lolemba amadzaza mpaka pakhomo koma tsiku la msika amatsala theka. Ndili ndekha chifukwa mnzanga amene timayenera kugawana naye kalasi ali pa tchuthi cha uchembere.

Ku koleji anatiuza kuti malamulo a m'kalasi tizipanga limodzi ndi anawo, ndiye ndinachita zomwezo, ana anatchula ambirimbiri, osamenyana, osatukwana, osaba bolopeni, osakukuta chimanga m'kalasi, osatulukira pawindo, mpaka tchati chonse kudzaza, ndinamata pakhoma koma palibe olo mmodzi amachiyang'ana. Nde ndimafuna ndidziwe, malamulo ogwiradi ntchito pa gulu lalikulu chonchi ndi ati, nanga mwana akaphwanya mumamutani poti kukwapula unduna unaletsa? Kuno ena amangotumiza ana kukatchetcha udzu kapena kukumba dzenje la zinyalala anzawo akuphunzira, ine zimandipweteka chifukwa amene amakhala panjawo ndi omwewo osatha kuwerenga. Kwinaku nkhani ya homuweki, ndikapereka masamu obweretsa ndi ochepa, ena amakopera kwa anzawo m'mawa pansi pa mtengo wa mango, ena kope lenilenilo alibe. Ndisiye kupereka kapena? Ndithandizeni chonde.

AgogoAChoko:

Mwana wanga takulandirani ku ntchito. Ine ndinali kale m'kalasi mu 1994 pomwe a Bakili Muluzi anabweretsa pulayimale yaulere, ana a m'sukulu m'dziko lonse anachoka pa 1.9 miliyoni kufika pafupifupi 3 miliyoni chaka chimodzi, tinkaphunzitsira pansi pa mitengo bolodi titakoleka pa msomali, ndiye za gulu lalikulu tinazionera pomwepo.

Tchati chanucho chotsani. Khalani nawonso anawo musankhe malamulo anayi kapena asanu basi, ndipo akhale onena chimene mwana achite osati mndandanda wa osatero osatero. Anga anali akuti ukafuna kuyankhula kweza mkono, mnzako akamayankha mvetsera, chinthu cha mwini pempha, ukafuna kutuluka uza aphunzitsi, malo ako uwasiye oyera. M'mawa uliwonse awanene pamtima mukamaliza kuitana maina, pakutha pa masabata ochepa mudzamva iwo eni akukumbutsana.

Chachikulu kwambiri ndi chizindikiro choti phokoso lithe. Mukamakuwa kuti chete chete mawu anu adzasasa temu isanathe ndipo ana amazolowera kukuwako. Ombani m'manja mwa kayimbidwe kena iwo abwereze, kapena kanyimbo kakafupi koti kakatha aliyense apinde manja, kenako inu muyambe kuyankhula motsitsa mawu, ana amatchera khutu akaona kuti mphunzitsi sakukuwa. Agaweninso m'magulu a ana 10 kapena 12 gulu lililonse ndi mtsogoleri wake, ndipo ovuta aja ndi amene muwapatse ntchito, wina wofufuta bolodi wina wogawa ndi kutolera mabuku wina wosunga choko. Mwana wosokosa nthawi zambiri amangofuna kuti aonedwe.

Chinthu chimodzi ndikupempheni, musamamupatse monitala pepala kuti azilemba maina a osokosa inu mukatuluka. Zimene zija zimaphunzitsa ana ziphuphu, wopatsa monitala kachidutswa ka chinangwa dzina lake sililembedwa, wamng'ono wopanda kanthu ndiye amalembedwa, ndipo ndewu yake imakachitikira panjira poweruka inu kulibe.

Chilango chizigwirizana ndi cholakwacho ndipo chizichitika pa buleki kapena poweruka. Wataya zinyalala atole, wang'amba buku amate, watukwana mnzake apepese pamaso pa gulu lake. Zokumba dzenje nthawi ya Masamu mwanena zoona, n'kumulanda mwana phunziro.

BamboAJunior:

Ine ndine kholo chabe koma ndiyankhulepo. Ndikulemekeza zimene anena agogowa koma kunena zoona ana a masiku ano mwawalekerera. Ife tinaphunzira nthawi ya Kamuzu, ukachedwa umapeza ahedi ali pageti ndi kamtengo, ndipo tinkathamanga, ma times table tinkawadziwa ngati dzina lathu. Kuongola mtengo mpoyamba. Sindikunena zovulaza mwana ayi koma ziwiri za m'manja zinapha ndani? Pano mwana amayankha mphunzitsi mwamwano akudziwa kuti palibe chimuchitikire.

Pa homuweki pokha ndili mbali yanu madamu, mwinanso vuto langa ndi lotembenuza. Wanga ali Sitandade 2 pa pulaiveti ina kuno ku Lilongwe, amabwera ndi homuweki ya maphunziro atatu tsiku lililonse, ife tikufika kunyumba mdima utagwa chifukwa cha ma minibasi, magetsi azima, mwana akusinza pa tebulo ife tikumuunikira ndi tochi ya pafoni, mapeto ake amayi ake ndi amene amamuuza mayankho kuti akagone. Mphunzitsi amachonga zonse kuti wakhoza koma wakhozayo ndi mayi ake. Tikadandaula amati makolo ena amafuna homuweki yambiri kuti aone kuti fizi yawo ikugwira ntchito.

NaPhiri_MotherGroup:

Bambo a Junior pepani nditsutsane nanu pang'ono. Inu mukukumbukira amene munapirira ndi kumaliza, koma werengani anzanu amene munayamba nawo Sitandade 1, angati anafika Sitandade 8? Ine ndili mu Mother Group ya pa sukulu yathu, ntchito yathu ndi kuyenda m'makomo kulondola ana osiya sukulu, ndipo ambiri ukawafunsa bwinobwino amati ndinachedwa tsiku lina ndinaopa kukwapulidwa nde ndinabisala kudimba, mawa lake ndinaopa kwambiri chifukwa ndinajomba, basi sabata yatha mwezi watha mwana wapita ku ganyu. Mantha amathamangitsa mwana wina kupita ku sukulu koma wina amamuthamangitsa kuchoka ku sukulu, ndipo wothawayo amakhala wa kunyumba yosauka.

Madamu, mwana wochedwa muzimufunsa kaye. Mtsikana amadzuka kusanache kukakhala pamzere ku mjigo, asese, atsuke mbale, abereke mng'ono wake mayi ali kumunda, kenako ayende mtunda wautali. Mnyamata wina amayamba watsekulira mbuzi. Ngati kuchedwako kwachuluka amene muyankhule naye ndi kholo, ndipo musamangomubweza mwana kuti ukabwere ndi makolo ako, ena sabweranso. Tiuzeni ife a Mother Group kapena a komiti ya sukulu tikafike pakhomopo, zikakanika timapita kwa amfumu. M'midzi ina kuno amfumu amachita kutulutsa gule wamkulu m'mawa kuperekeza ana ku sukulu ndipo makolo amamvera.

Komanso mu Sitandade 4 ya kumudzi simukhala ana a zaka 9 okhaokha, muli obwereza ndi oyamba mochedwa, atsikana a zaka 13 kapena 14 amene atha msinkhu. Lamulo loti palibe kutuluka mpaka buleki musaliumirire pa iwowa. Mukaona mtsikana wamanga juzi m'chiuno, mwamutchula kuti akalembe pa bolodi iye wangoweramitsa mutu osadzuka, musamutenge ngati wamwano, pitirirani kwa wina ndipo poweruka mumusiye atuluke pomalizira muyankhule naye awiri. Mukamuumiriza kuima anyamata n'kuseka, ameneyo mwamutaya.

China, ngati sukulu yanu ili ndi phala kaya la Mary's Meals kaya la makolo eni, musadzayerekeze kumana mwana phala ngati chilango. Januwale ndi Febuluwale ena chakudya chawo cha tsiku lonse n'chomwecho, ndipo ulesi umene muzidzauona miyezi imeneyo ndi njala.

SirWaMasamu:

Madamu homuweki musasiye koma ichepetseni ndipo isinthe mtundu. Homuweki imene simuichonga ana amazindikira msanga nde amasiya kulemba, ndipo makope oposa 100 tsiku lililonse simungathe, mudzagona nawo pamphasa mapulani a mawa osalemba. Ine ndimapereka kawiri pa sabata, masamu atatu okha a zimene taphunzira tsiku lomwelo, palibe chatsopano choti mwana akavutitse nacho agogo ake osadziwa kuwerenga. Samu yoyamba timayambira limodzi m'kalasi mphindi zomalizira kuti aliyense achoke akudziwa njira yake. Ndimawauza kuti alembe akangofika dzuwa lisanalowe chifukwa nyumba zambiri kuunika kwake ndi koloboyi kapena katochi ka sola kamodzi ka banja lonse.

M'mawa asinthana makope, tichongera limodzi pa bolodi, ine ndimatenga makope a gulu limodzi kapena awiri okha kukaonetsetsa ndekha, ulendo wotsatira gulu lina, sadziwa kuti lero ndi la ndani. Zokopera pansi pa mango zija sizitheratu koma zimachepa mukamatchula mwana mmodzi kuti abwere afotokoze mmene wapezera yankho, wokopera amaonekera pomwepo ndipo simufunika kumuchititsa manyazi, mumangomuika pambali ya mnzake woti amuthandize.

Homuweki ina siifuna kope n'komwe. Akafunse mtengo wa mulu wa tomato pamsika mawa tidzawerengere kuti milu isanu ndi ndalama zingati, akamve nthano kwa agogo adzafotokoze, awerengere mng'ono wawo ndime imodzi mokweza. Kuwerengaku ndiye kugwireni kwambiri chifukwa chaka chamawa ku Sitandade 5 maphunziro onse kupatula Chichewa adzakhala m'Chingerezi, ndipo mayeso a MANEB a Sitandade 8 ndi chimodzimodzi, mwana wochoka mu 4 asakutha kuwerenga amangoyandama mpaka kusiya. National Reading Programme, pulogalamu ya boma yophunzitsa ana kuwerenga, inayamba mu 2016 chifukwa cha vuto lomweli, nde ngati mabuku ake alipo okwanira kambiranani ndi ahedi kuti ana azibwereka mosinthana, mtsogoleri wa gulu azilemba amene watenga.

Bambo a Junior, mwana wamwano sikuti palibe chimuchitikire ayi. Ine ndili ndi kope limene ndimalembamo tsiku ndi chimene wachita, akabwereza kangapo nkhani imapita kwa ahedi ndi komiti ya mwambo kholo lilipo, ndipo kholo likaona zolembedwa silikana. Mphunzitsi akamenya mwana n'kumuvulaza nkhani imafika kwa a PEA, alangizi oyendera sukulu za pulayimale za m'dera, mwinanso kupolisi, ntchito n'kuthera pomwepo. Ndipo madamu wina akadzakunyengererani kuti osalemba homuweki muziwaitanira ku part time yolipiritsa masana, kanani.

BamboAJunior:

Mayi NaPhiri za kubisala kudimba zija ndazimva, analipodi anzathu otero. Koma ndikufunabe aphunzitsi akhale ndi mphamvu, makolo enafe ndi amene timalakwitsa, mwana akalangidwa olo kusesa kokha timathamangira ku sukulu kukalalatira mphunzitsi pamaso pa ana. Malamulo amenewa madamu muwawerengenso pa msonkhano wa PTA makolo avomereze ndi pakamwa pawo, kuti tsiku lina asadzanene kuti sitinkadziwa. Ya masamu atatuyo ndikaitchula kwa aphunzitsi a mwana wanga.

Madamu_Std4:

Zikomo kwambiri nonse, agogo, mayi NaPhiri, sala ndi bambo a Junior. Lolemba tisankha malamulo asanu ndi magulu, ndipo pepala la monitala ndilichotsa. Za atsikana akuluakulu ndili nawo angapo amakhala kumbuyo kwenikweni, ndiwayang'anitsitsa. Chatsala ndi ana opanda makope aja, alipo ambiri ndithu, ena amalemba maphunziro onse m'kope limodzi lomwe linathothoka chikuto, ena amang'amba pepala kwa mnzawo mawa lake lasowa. Malipiro anga sanayambe n'kubwera komwe kuti ndingawagulire. Kwanuko mumatani?

AgogoAChoko:

Musagule ndi ndalama zanu mwana wanga, mukayamba simudzamaliza. Lembani maina a ana amenewo mupereke kwa ahedi, sukulu za boma zimalandira ndalama za SIG, zimene boma limapereka zotukulira sukulu, ndipo mbali ina imayenera kuthandiza ana ovutikitsitsa, komiti ya sukulu ikamakhala pansi kukonza pulani ya chaka dzina la mwana likhale lili pa tebulo kale. Ndalamazo zimachedwa nde podikira funsani aphunzitsi a Sitandade 8 makope a ana amene analemba mayeso chaka chatha, ambiri amasiya masamba osalemba kumapeto, mumachotsa n'kusoka ndi ulusi pakati, timakope ta homuweki tatuluka. A Mother Group amathandiza kusokako mukawapempha. Kope limodzi la maphunziro onse lija musamukalipire nalo mwana, muuzeni Masamu ayambire kutsogolo Chichewa ayambire kumbuyo atalitembenuza, homuweki azilemba tsiku pamwamba kuti inu musavutike kuipeza.