Alamu yopanda mawaya ku laibulale yathu: tigule kapena tisiye?

Wapampando: Mwaswera bwanji nonse. Za ku laibulale yathu ku Lirangwe mwamva. Usiku wa Lachiwiri anathyola loko wa chitseko chakumbuyo, batire la sola ndi inveta zonse ulendo. Achimwene a ku Joni akuti tigule alamu yopanda mawaya, yoika tokha. M'thumba muli K640,000, ndipo batire latsopano likuyang'ana ndalama yomweyi. Tikambirane tisanakumane Loweruka ku Limbe.

Achimwene a ku Joni: Zikomo akuluakulu. Kuno anthu a m'nyumba za lendi amazikonda poti siziboolera khoma. M'bokosi mumakhala kamakina kolowetsamo SIM, sairini, ndi tizipangizo ta pachitseko. Ka pachitsekoko kali pawiri, kena pafelemu, maginito pachitseko. Wina akatsegula, tiwiriti tasiyana, sairini yayamba, makina atumiza SMS ku manambala omwe mwaikamo. Palinso ka pakona kamene kamamva kutentha kwa thupi la munthu akamayenda m'chipinda. Ola limodzi mwamaliza kuika. Nditha kuitumiza pa basi.

Msungichuma: Achimwene, mtengo mwatiuza uja ndi wa m'sitolo ku Johannesburg. Onjezerani wonyamula ndi msonkho wa MRA pa Mwanza. Chichokereni kugwa kwa kwacha ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, chilichonse cha marandi chimaluma. Kenaka timabatire ta tizipangizoto, ndi mayunitsi a SIM. Akakumbukira ndani? Zopereka za pamwezi zomwezi timachita kukumbutsana ngati ngongole ya katapila.

Anambewe a ku Chilomoni: Ndiloleni ine amene ndinagulapo. Ndinaitenga m'sitolo ina ku Limbe atandibera TV. Usiku woyamba inalira cha m'ma 1 koloko. Nditatuluka ndi chitenje chokha ndinapeza bwalo ladzaza, bambo a pafupi ali ndi chikwanje, anyamata a neba ndi zibonga, wina akuimba mluzu. Tinafufuza nyumba yonse. Wakuba wake anali mphaka wa alandilodi, walowera pawindo la kukhitchini kutsata usipa. Tinaseka. Kachiwiri kunabwera anthu atatu. Kachitatu kunangomveka mawu kuseri kwa mpanda, "Mayi, zimitsani chinthu chanucho tigone!" Tsiku limenelo ikanakhala mbava yeniyeni bwenzi itanyamula mpaka mbaula. Panopa ili m'katoni pansi pa bedi.

Achimwene a ku Joni: Pepani achemwali, koma pamenepo munalakwitsa poika. Ka pakona sikayenera kuyang'ana pawindo kapena pomwe mphaka amakwera. Zilipo zina zosalabadira tinyama tating'ono.

Anambewe a ku Chilomoni: Ndiye vuto lake limenelo. Akuti "ikani nokha", ukalakwitsa palibe wokuuza mpaka aneba atatopa nawe.

Aphunzitsi a kumudzi: Moni makolo ndi abale. Ine ndi amene ndimatsegula laibulaleyo m'mawa uliwonse. M'kati muja netiweki ya Airtel ndi TNM yomwe imabwera ndi kupita. Ndikafuna kuimba foni ndimatuluka kukaima pachulu paja. Kudenga kuli mileme, ndipo mu Okutobala malata amatentha mpaka usiku. Komanso SMS ija ikafika kwa a wapampando ku Ndirande 2 koloko usiku, atani nayo? Minibasi ya ku Lirangwe nthawi imeneyo kulibe. Akaimba 997, galimoto ya polisi isanafike batire lili kale pa njinga.

Mphwathu wa ku Chichiri: Ndiwonjezereko za luso pang'ono. Zotchipa zambiri zimalankhulana pa mafunde a wailesi a 433 MHz, ndipo munthu wodziwa atha kusokoneza mafundewo ndi kachipangizo kena. Koma zoona zake, mbava za kwathu sizifika kumeneko, chida chawo ndi chitsulo chokanulira. Chondidetsa nkhawa ine ndi magetsi. Kabatire ka m'kati mwa makinawo kamangosunga maola ochepa. Mukukumbuka 2022 namondwe Ana atawononga Kapichira, mdima wa tsiku lonse uja? Alamu zoterezi zinkangogona. Kwathu ndiye zidalira sola yomweyo imene akubayo akuifuna. Ndipo akaboola khoma kapena kusasula lata, ka pachitseko sikamva kanthu. Sairini ikhale panja, pamwamba, ya batire lakelake, apo ayi angoikwapula ndi mwala.

Malume a ku Bangwe: Ana inu mukuzungulira. Munthu anadziwa bwanji kuti batire lili m'kabati yakumbuyo, osati kutsogolo kuli mabuku? Anasiya mipando, anasiya wailesi. Khoswe akakhala pamkhate sapheka. Makiyi a nyumba ija ali ndi anthu angati? Alamuyo nambala yozimitsira tidzapatsanso anthu omwewo.

Aphunzitsi a kumudzi: Malume, makiyi ali atatu, ndipo loko anachita kuthyola. Chonde tisalozane zala pagulu pano, nkhaniyi ili kale kwa amfumu.

Wapampando: Zoona. Malume, zimenezo tikakambe pamaso.

Msungichuma: Ine maganizo anga, tiwotcherere khola lachitsulo lotsekera batire, zitsulo pawindo, ndi chitseko chachitsulo kumbuyo. Wowotcherera pa Lunzu alipo. Zotsala tizimupatsa kangachepe mlonda. Chitsulo sichifuna mayunitsi.

Achimwene a ku Joni: Mlonda amagonanso, mayi. Sairini ndi imene ingamudzutse. Sindikukana zitsulo, ndikuti zonse ziyendere limodzi.

Anambewe a ku Chilomoni: China muganizire. Sairini ikadzutsa mudzi wonse n'kumugwira mwana wa eni, mukudziwa zomwe zimachitika anthu akakwiya usiku. Tiyambe takamba ndi amfumu ndi apolisi a m'mudzi kuti ikalira atuluke ndani, ndipo wogwidwayo apite naye kuti.

Wapampando: Apa mwanena. Ndiye tichite chonchi: batire ndi zitsulo zipite patsogolo, a msungichuma mubweretse mitengo Loweruka. Za alamu tisagule kaye. Anambewe, mungatibwereke yanu ija aphunzitsi akaiyese masabata awiri, tione ngati SMS ituluka m'chipinda muja ndiponso ngati mileme iisiya?

Anambewe a ku Chilomoni: Tengani, ingondichotserani malo. Koma karimoti kamodzi adzukulu anakasandutsa galimoto, ndikafufuze kaye kuseri kwa sofa.

Mphwathu wa ku Chichiri: Ndikaika ndine. Transipoti yokha, a msungichuma.