Kodi kuyeza magazi kokhudza nitric oxide kungatichenjeze za metabolic syndrome?

Mphunzitsi wa ku Chilomoni:
Moni nonse. Amuna anga atakayezetsa anauzidwa kuti magazi awo akuthamanga kwambiri, shuga wakwera ndipo mimba yapitirira muyezo, zimene adokotala anati zikakumana pamodzi zimatchedwa metabolic syndrome. Ndawerenga pa intaneti kuti m'magazi muli zinthu zogwirizana ndi nitric oxide zimene zingasonyeze vutoli lisanafike. Kodi zimenezi zimasonyeza chiyani kwenikweni, ndipo n'koyenera kuti inenso ndikayezetse?

Wophunzira za udokotala:
Mayi, nitric oxide ndi mpweya umene khungu lopyapyala la m'kati mwa mitsempha limapanga kuchokera ku L-arginine (chimodzi mwa tizigawo ta zakudya zomanga thupi), ndipo ntchito yake ndi kufewetsa mitsempha kuti itakasuke, magazi aziyenda mosapanikizika. Amene anatulukira ntchito imeneyi, Robert Furchgott, Louis Ignarro ndi Ferid Murad, analandira mphotho ya Nobel mu 1998. Vuto n'lakuti mpweyawu umatha m'masekondi ochepa, choncho ofufuza amayeza zotsalira zake, zomwe ndi nitrite ndi nitrate, kapena amayeza ADMA, chinthu chimene thupi limapanga lokha koma chimatsekereza kapangidwe ka nitric oxide.

Kugwirizana kwake ndi shuga kuli apa: insulini, kuwonjezera pa kulowetsa shuga m'minofu, imalimbikitsanso mitsempha kupanga nitric oxide. Thupi likayamba kusamvera insulini, monga zimachitikira mafuta akaunjikana m'mimba, mitsempha nayo imaleka kutakasuka bwino, ndipo n'chifukwa chake shuga ndi kuthamanga kwa magazi zimakonda kuyendera limodzi. Kafukufuku wambiri wapeza ADMA wokwera mwa anthu otere, komabe kupezeka kwa zinthu ziwiri pamodzi si umboni wakuti chimodzi chayambitsa chinzake. Impso zikafooka ADMA amakweranso, ndipo munthu amene wadya ndiwo zamasamba zambiri nitrate wake amakwera ngakhale thupi lake lili bwinobwino.

Namwino wa ku Limbe:
Ndikugwirizana ndi achimwenewa, koma ndikufuna kunena mosabisa kuti mayi musataye ndalama zanu posaka kuyeza kumeneku, chifukwa ndi kwa akafukufuku ndipo madokotala sadalira kumeneko pogamula kuti munthu ali ndi metabolic syndrome. Malinga ndi muyezo umene mabungwe a zaumoyo anagwirizana mu 2009, timayang'ana zinthu zisanu, ndipo zitatu zikapezeka ndiye kuti vuto lilipo. Kuthamanga kwa magazi kukafika 130/85, shuga woyezedwa m'mawa munthu asanadye akafika 5.6 mmol/L, mafuta otchedwa triglycerides akafika 1.7, kapena kolesitolo wabwino wa HDL akatsika kuposa 1.0 kwa abambo ndi 1.3 kwa amayi, chilichonse chimawerengedwa. Chachisanu ndi kukula kwa mimba, komwe kuno timatsatira masentimita 94 kwa abambo ndi 80 kwa amayi.

Tepi ya telala ndi yokwanira. Imirirani osavala zokhuthala, ikulungeni pakati pa nthiti yomalizira ndi fupa la m'chiuno, tulutsani mpweya pang'onopang'ono osakoka mimba, kenako werengani. Chimandiwawa n'chakuti kafukufuku wa zaumoyo wotchedwa STEPS wa 2009 anapeza kuti pafupifupi munthu mmodzi mwa akuluakulu atatu m'Malawi muno anali ndi vuto la kuthamanga kwa magazi, ambiri osadziwa, pamene makina oyezera amatenga mphindi zochepa chabe.

Bambo wa ku Bangwe:
Nanga mapiritsi a L-arginine amene akutsatsidwa pa Facebook, kuti amachulukitsa nitric oxide, angawathandize amuna a aphunzitsiwa?

Wophunzira za udokotala:
Bambo, asamwe popanda kufunsa adokotala awo. Kafukufuku amene anasindikizidwa mu 2006 ku America anaimitsidwa asanathe chifukwa imfa zinachitika pakati pa odwala mtima amene ankapatsidwa L-arginine. Chimene chadziwika bwino n'chakuti kuyenda ndawala kumachititsa magazi kukhuza m'kati mwa mitsempha mwamphamvu, ndipo zimenezi zimaidzutsa kuti ipange nitric oxide wochuluka. Bambowa aziyenda mphindi 150 pa mlungu, achepetse mchere ndi zakumwa zotsekemera, ndipo mankhwala amene anapatsidwa kuchipatala asawadumphitse.