Ma platelet okhaokha amaperekedwa? Ndithandizeni

Membala wobisika: Admin mundibise. Ndili pa Chitakale. Mwana wa achemwali anga wagonekedwa ku Blantyre, kamfuno osasiya ndi timadontho tofiira thupi lonse, adokotala akuti ma platelet atsika. Ine ndikufuna ndikapereke ma platelet okhawo, zopereka magazi onse ndimaopa ndinagwapo ndi chizungulire tili ku sekondale. Alamu anga olo ya minibasi sanatumize ali busy kumanga pa Luchenza, shuga wa phala ndikugula ndine, kuntchitonso akapitawo akundiwerengera masiku poti tiyi wachuluka. Zimatheka?

Bambo a Junior: CHIDEDE mayi! Chidede ndi bonongwe sabata imodzi mwana adzuka. Akazi anga magazi anatha ali ndi pakati, anachira ndi chidede chomwechi.

Make Tada: Vuto ndi alamu anuwo. Anga anandisiya ndi maliro ndekha pa Bvumbwe, anabwera tsiku la sadaka kudzadya.

Nesi Wopuma: A Junior chidede sichikweza ma platelet, awa ndi timaselo toumitsa magazi pabala. Mayi, njirayo ilipo, amati apheresis: makina amakoka magazi, kupatula ma platelet, otsalawo kukubwezerani. Koma kodi adokotala anati abale mupereke? Nanga gulu lanu la magazi ndi liti?

Bambo a Junior: Kukoka magazi nkukubwezera?? Ndiye abwezera ako omwewo udziwa bwanji

Mjoni wa ku Limbuli: Ine ndimapereka kuno ku Johannesburg. Umakhala pampando pafupifupi maola 2, milomo imachita dzanzi pang'ono chifukwa cha mankhwala oletsa magazi kuundana, basi. Amafunsanso ngati wamwa aspirin masiku apitawa.

Kamnyamata ka Nkando: Makina okoka magazi ku Mulanje kkkk mwaiwala 2017? Anamapopa version 2

Nesi Wopuma: Zimenezo si zoseka, anthu anaphedwa chifukwa cha mphekesera ija.

Bambo a Junior: Ine ndanena. Makolo athu ankadziwa puletileti? Mukapereka mubwera mutayezuka ngati chinangwa chosenda.

Achimwene a Thyolo: Imbirani a MBTS, bungwe lotolera magazi lija, ku Blantyre musanawononge transport. Iwo magazi wamba omwe timapereka aja amawagawa ku labu, maselo ofiira, plasma (madzi a m'magazi) ndi ma platelet. Ma platelet amangokhala masiku 5 nchifukwa amasowa. Ndiye olo mutapereka wamba mwathandiza, kungoti sikuti thumba lanulo likafika kwa mwanayo lero lomwe, amayamba aliyeza.

Bambo a Junior: Mwaona, likapita kwa wina!

Membala wobisika: Zikomo nonse. Alamu aja aona post iyi andiimbira kuti ndawayalutsa, pomwe dzina sindinatchule.

Nesi Wopuma: Mayi funso langa lija simunayankhe.

Bambo a Junior: Chidede chouma ndili nacho, inbox.