Kampani ikufuna kugula nyama za m'makatuni athu, tisaine kapena ayi?

Admin, chonde ndibiseni dzina. Moni nonse akuluakulu a pagulu pano, makamaka inu amene mumapanga makatuni kapena mumadziwa za mapangano. Pali nkhani yomwe yatisowetsa tulo ine ndi mchemwali wanga.

Awirife timapanga makatuni a ana ang'onoang'ono. Zonse zimachitikira m'nkhalango. Muli Gologolo wopupuluma, Nungu yamanyazi yomwe imalakalaka kukumbatira anzake koma imaopa kuwabaya, ndi Fulu wachikulire amene amayanjanitsa anzake akakangana. Mulibe chilombo, mulibe ndewu. Mavuto ake ndi a msinkhu wa mwana: wina akuopa mdima, wina wakana kubwereketsa chinthu chake. Ine ndimajambula mu Blender, pulogalamu ya pakompyuta yopangira makatuni, mchemwali wanga amalemba nkhani ndi kuyankhulira Gologolo ndi Nungu. Mnzathu wina ndiye anapeka nyimbo yotsegulira, ndipo mawu a Fulu ndi ake.

Kwa amene simunayesepo, ntchitoyi ndi yowawa msana. Sekondi imodzi ya katuni imafuna zithunzi 24. Ife timachepetsa, chithunzi chilichonse chimaoneka kawiri, ndiye timajambula 12. Ngakhale choncho, gawo la mphindi 5 limadya zithunzi 3,600. Timaika pa YouTube, ana akuonera ndithu, koma ndalama yomwe imalowa ndi yongoseketsa.

Tsopano kampani ina yopanga zidole ndi mabuku a ana yatilembera. Sindiitchula dzina. Akufuna kutipatsa ndalama kamodzi, ndipo kwa ife ndi yambiri, yokwanira kompyuta yamphamvu ndi maikolofoni yabwino. Koma m'pangano alemba kuti tikuwapatsa umwini wonse wa nyamazi, mayina ake ndi maonekedwe ake, padziko lonse, mpaka kalekale. Akuti tiyankhe msanga. Mchemwali wanga akuti tisaine, mwayi sudikira. Ine mtima ukukana.

Kodi mapangano a zidole amakhala choncho? Komanso ife sitinalembetse chilichonse kulikonse, ndiye nyamazi ndi zathudi mwalamulo? Nanga mnzathu wa nyimbo uja gawo lake ndi liti?

Wopanga makatuni mnzanu:
Achimwene, pepala limenelo musasaine momwe lilili. Pali kugulitsa, pali kupereka layisensi, ndipo iwo akufuna mugulitse. Mukapereka layisensi mumalola kampani kupanga chinthu chakutichakuti, mwachitsanzo zidole zansalu zokha, m'mayiko akutiakuti, kwa zaka zowerengeka, inu n'kumalandira gawo pa chidole chilichonse chogulitsidwa. Nthawi ikatha, Nungu imabwerera kwanu. Mukagulitsa umwini, mawa lino mukafuna kupanga gawo latsopano mudzayamba mwapempha kwa iwo, ndipo akhoza kukana kapena kulemba ntchito wojambula wina.

Zimenezi zinamuchitikira Walt Disney. Kalulu wake Oswald, amene anayamba mu 1927, umwini wake unali wa kampani ya mafilimu ya Universal. Mu 1928 anangoona kaluluyo akumusiya limodzi ndi ojambula ake angapo. Kampani ya Disney inadzamutenganso Oswald mu 2006, Walt Disney atamwalira kalekale.

Koma onaninso Beatrix Potter, wolemba nkhani za ana wa ku England. Osindikiza atamukana, anasindikiza yekha buku la kalulu wotchedwa Peter Rabbit mu 1901, makope 250. Chaka chotsatira kampani ya Frederick Warne inalitenga. Mu 1903 mayiyu anasoka yekha chidole cha kaluluyo n'kukachilembetsa ku ofesi ya patent (yolembetsa umwini wa zinthu zopangidwa mwatsopano) ku London. Anazindikira msanga kuti ndalama ya nyama za m'nkhani za ana siithera m'buku. Kampani yakulemberaniyo ikudziwanso zomwezo, n'chifukwa chake ikufuna zonse.

Membala wina:
Nkhani ya ndalama ya YouTube musadabwe nayo, si kuti makatuni anu ndi oipa. Mu 2019 Google, mwini wake wa YouTube, inalipira madola 170 miliyoni ku America pa mlandu wosonkhanitsa zambiri za ana, motsutsana ndi lamulo lotchedwa COPPA loteteza ana osakwana zaka 13. Kuyambira January 2020 vidiyo iliyonse yopangira ana imaikidwa chizindikiro. Ikatero malonda otsata zokonda za woonera amachotsedwa, ndemanga zimatsekedwa, belu lodziwitsa anthu za vidiyo yatsopano siligwiranso ntchito. Ndiye ndalama imatsika. Musayese kunama kuti si za ana, mudzangodziputira mavuto. Kwa opanga makatuni a ana, YouTube ndi podziwikira. Chakudya chenicheni chili m'mabuku, m'zidole ndi pogulitsa magawo ku wailesi za kanema, zomwe zonse mukufuna kupereka ulendo umodzi.

Mayi wodziwa za mapangano:
Ndiyankhe funso lachiwiri ndi lachitatu. M'mayiko amene anasaina pangano la Berne, lomwe linayamba mu 1886 ndipo pano muli mayiko ochuluka kwambiri, copyright (umwini wa zolemba ndi zojambula mwalamulo) imabwera yokha mukangojambula kapena kulemba chinthu chanu. Simufunika kulembetsa kuti mukhale eni ake. Chofunika ndi umboni, choncho sungani zojambula zoyamba, mafayilo a Blender okhala ndi masiku ake, ndi zolemba za mchemwali wanu.

Dzina la katuniyo ndi chizindikiro chake ndi nkhani ina. Zimenezo zimatetezedwa ndi trademark (chizindikiro cha malonda), ndipo imalembetsedwa dziko ndi dziko, komanso potengera mtundu wa katundu. Zidole zili m'gulu lake, mabuku m'gulu lake, zovala m'gulu lakenso. Lembetsani dzinalo musanapite patali ndi zokambirana. Musaiwale kuti gologolo ngati nyama alibe mwini. Chanu ndi Gologolo wanuyo, nkhope yake, kayendedwe kake ndi nkhani zake.

Koma chondidetsa nkhawa kwambiri ndi mnzanu uja. Ngati simunalemberane kanthu, nyimbo ija ndi yake. Simungagulitse chinthu chomwe si chanu, ndipo pangano lotere kawirikawiri limakhala ndi ndime yomwe mumatsimikiza kuti zonse ndi zanu. Iye akadzadandaula, kampani idzaloza inu. Khalani pansi atatu, mulembe kuti ndani ali ndi chiyani ndipo ndalama muzigawana bwanji, chibale ndi chinzake zisanaonongeke. Kenako pepala la kampanilo mupite nalo kwa loya wanu, osati wawo.

Membala wina:
Ine ndikhala kumbali ya achemwali anuwo pang'ono. Pagulu pano aliyense akutchula Peter Rabbit, koma makatuni a anthu awiri kapena atatu amene amafika popangidwa zidole ndi ochepa. Ambiri amatha mwakachetechete ojambula akatopa. Fodya wako ndi amene ali pamphuno. Komanso kupanga zidole si masewera: pamafunika fakitale, kuyeza kuti n'zotetezeka, kutumiza ndi kusunga katundu. Inu nokha simungathe. Musakane mwamwano, mungataye anthu okhawo amene agogoda.

Wopanga makatuni mnzanu:
Zoona akulu, sindikuti awathamangitse. Ndikuti abweze yankho lawolawo. Zidole ndi mabuku okha, zaka zochepa, ndalama ina patsogolo kenako gawo pa zogulitsa, ufulu woona mabuku a malonda, ndi ndime yoti kampani ikapanda kutulutsa katundu pofika nthawi yakuti, zonse zibwerera kwa eni ake. Kampani yofuna ntchito imakambirana. Ikanena kuti zonse kapena ayi, komanso lero lomwe, mwaidziwa.

Za kompyuta zija zisakugulitseni motchipa. Filimu ya Flow ya Gints Zilbalodis wa ku Latvia inapangidwa mu Blender yomweyo ndipo inapata mphoto ya mafilimu ya Oscar mu 2025, nyama zokhazokha, popanda liwu limodzi la munthu. Sindikuti anapanga yekha m'chipinda ayi, panali opanga mafilimu a ku Latvia, France ndi Belgium. Koma zikuonetsa kuti thandizo limapezeka m'njira ya mgwirizano.

Kholo:
Ine za malamulo sindizidziwa, ndine mayi chabe. Makatuni ofatsa ngati amenewa ndi amene timawasowa, ambiri ndi aphokoso, zithunzi zikuthamanga ngati akuzithamangitsa. Mukapereka umwini, ndani adzawaletse kumusandutsa Fulu wolalata kuti agulitse zambiri? Pemphani kuti chidole chilichonse muzichiona kaye chisanatuluke. Minga ya Nungu ikhale yansalu yofewa, maso akhale osokedwa ndi ulusi, osati timabatani tomwe mwana wosakwana zaka zitatu angazule n'kumeza. Chidole chikavulaza mwana, makolo sadzatchula fakitale, adzatchula katuni yanu.

Mwini funso:
Zikomo kwambiri nonse. Ndamuwerengera mchemwali wanga mayankho onse, ndipo ngakhale akadali ndi mantha kuti kampaniyo ithawa, wavomera kuti tisasaine pepala ili. Mnzathu wa nyimbo tamuimbira, tikumana kuti tilemberane. Kampani tiiyankha kuti tikufuna layisensi ya zidole ndi mabuku okha.

Amayi odziwa za mapangano, ndifunsenso kamodzi. M'pepalamo muli ndime yoti pa nthawi yokambirana tisalankhule ndi kampani ina iliyonse, koma sanalembe kuti nthawiyo itha liti. Kodi tingawauze kuti aike tsiku, kapena tingoikana ndime yonseyo?