Ndapeza mwayi wokasamalira nyama zamasiye ku Zimbabwe, ndiyambire pati?

Membala wosadziwika: A admin mundibise chonde, abale anga ali momwemuno. Ndine mtsikana wa zaka 24, ndinaphunzira za ziweto ku Mikolongwe, koma chaka chachiwiri chino ndili pakhomo, ntchito yanga kubaya nkhuku za aneba katemera wa chitopa, ena malipiro ake mpiru. Ndiye ndapeza mwayi wokakhala volontiya kumalo ena ku Zimbabwe osungirako nyama zakutchire zamasiye ndi zovulala: anyani, agwape, akadzidzi, mikangonso akuti iliko. Azakhali akuti ndikwatiwe kaye, ati mwamuna sadikira munthu wokayamwitsa anyani. Chibwenzi changanso masiku atatu osayankha, koma online chikuoneka. Chikwama changa chachikulu mlamu anabwereka pa Khirisimasi, chinabwera zipi itathyoka, ngakhale pepani osanena. Tulo sindikuliona. Ndiyambire pati? Onyoza dutsani.

Mjoni Wakale: PERMIT. Musanafunse china chilichonse, PERMIT, chilolezo chogwirira ntchito m'dziko la eni. Ine 2016 anandigwira ndikupenta nyumba ya munthu ku Johannesburg, ndinati ndikungothandiza, sindikulipidwa. Anandiyankha kuti burashi ili m'manja mwa ndani? Ndinabwerera ndi malaya omwe ndinavala.

Make Tada: Chibwenzicho chisiyeni kaye mwana wanga. Masiku atatu osayankha ndiye kuti wayankha kale.

Mlimi wa ku Domasi: Mpaka kudula pasipoti chifukwa cha anyani? Bwerani kumunda kwanga, alipo gulu lonse, chimanga amakolola ndi iwo. Volontiya ndikumufuna kuyambira 5 koloko m'mawa, nsima ndipereka.

Nesi wa ku Zomba: Inu ndi a ziweto, mukudziwa kale za chiwewe. Bayitsani katemera musananyamuke, jakisoni awiri, wachiwiri patatha masiku 7, ndiye musamadikire sabata yonyamukira. Wa kafumbata muonenso ngati sanathe mphamvu. Pusi akakulumani kapena kukukandani, tsukani bala ndi sopo pamadzi oyenda kwa mphindi 15, kenako kuchipatala, ngakhale munabayitsa kale.

Mjoni Wakale: Katemera akuthandiza chiyani munthu ali m'selo? A nesi musasocheretse mwana.

Nesi wa ku Zomba: Bambo, wakana permit ndani? Aliyense akunena zomwe akudziwa.

Mdzukulu wa ku Makokoba: Malowo dzina lake ndi chiyani, asisi? Simunatchule. Ine ndinabadwira ku Bulawayo, agogo anachokera ku Ntcheu. Ngati ndi Chipangali Wildlife Orphanage, ili kunja pang'ono kwa tauni, msewu wopita ku Gwanda. Anayambitsa ndi Viv Wilson mu 1973, tinkapitako ndi sukulu. Koma dziwani kuti malo ambiri otere volontiya salandira kanthu, ndi iyeyo amene amalipira, malo ogona ndi chakudya, ndipo amalipira madola. Ndalamazo ndi zomwe zimagula nyama ya mikango. Ntchito yakenso si yojambulitsa ayi: kusesa makola, kuwola ndowe, kuduladula nyama ndi zipatso, kudzuka usiku kumwetsa kamwana mkaka wa m'botolo.

Wa ku Chipata: Chipangali ni dzina la kwathu ilo, boma ya ku Eastern Province ku Zambia. Mzungu uja anayambira nchito kuno, yolimbana ndi ntchentche za tsetse fly, dzina ananyamula pochoka.

Mjoni Wakale: Dzina la Chindebele limenelo, musatinamize.

Mdzukulu wa ku Makokoba: Achimwene, Chindebele ndimalankhula ine. A ku Chipata akunena zoona.

Mjoni Wakale: Kaya. Koma mwamva nonse? AKALIPIRE YEKHA kuti akawole ndowe. Madolawo awapeza kuti? Kubanki mukapita mudikira mpaka tsitsi kuchita imvi, pa black market ndiye osanena. Chigwetsereni kwacha ndi 44% mu November 2023 ndani waona dola yotchipa? Zimenezi ndi za ana a azungu omaliza sukulu, makolo ali ndi ndalama. Ife ntchito timapita kukalandira.

Aphunzitsi opuma: Ndiye mwana asalote chifukwa ndi Mmalawi? Zimene zinakuchitikirani ku Joni musamuveke wina aliyense.

Mjoni Wakale: Kulota n'kwaulere madala, basi ya ku Harare ndi yolipira.

Dalaivala wa thiraki: Pa Harare pomwepo. Njira ndi Blantyre, Mwanza, kulowa Mozambique pa Zóbuè, Tete, kenako Nyamapanda mpaka Harare. Kuchoka apo Bulawayo ndi makilomita ngati 440 enanso. Ndi pasipoti ya Malawi viza yokacheza sifunika, koma pasipotiyo ikhale yotsala ndi miyezi 6 kapena kuposa. Ku Tete kumatentha, tengani madzi. Ine tayala linandiphulikira kumeneko ndinagona masiku awiri pansi pa thiraki, bwana foni osayankha.

Mjoni Wakale: Mwamva? YOKACHEZA. Kusesa khola la mkango ndi kucheza? Awalembere eni malowo amuuze pepala lomwe akalowere, ndipo amutumizire kalata yokhala ndi dzina lake yoti akaonetse pa boda.

Nesi wa ku Zomba: Apa pokha ndiye mwalankhula zomveka.

Mayi Busa: Kadzidzi, fisi, zimenezo ndi zogona nazo pafupi mwana wa munthu? Pempherani kaye musanasaine chilichonse.

Wokonda Liwonde: Amayi, kadzidzi ndi mbalame, imadya makoswe omwe akutha chimanga chanu. Kwa mwini funso: muwafunse ngati alendo amaloledwa kunyamula ana a mikango n'kumajambulitsa. Akati eya, thawani. Ku South Africa mafamu ena amalanda tiana kwa make dala, n'kumauza mavolontiya kuti ndi tamasiye, tikakula n'kugulitsa kwa osaka. Mkango wozolowera manja a anthu subwereranso kutchire. Komanso bwanji osayamba ndi Lilongwe Wildlife Centre pompano? Amalandira apusi, anyani, ngaka zolandidwa kwa ozembetsa, ndipo nyama yoti idzabwerere kutchire salola kumangoigwiragwira. Pepala lanu la Mikolongwe mukaonetse kumeneko, simufunika dola kapena boda.

Make Tada: Za zipi, pitani nacho kwa osoka nsapato pamsika, amaika yatsopano. Koma mlamuyo alipire.

Membala wosadziwika: Zikomo nonse. Chibwenzi chayankha, akuti foni inali kotchaja. Chikwama ndipita nacho mawa. Azakhali sindinawauzebe. Amene ndikulankhula nawo pa WhatsApp akuti nditumize theka lisanafike Lachisanu kuti malo anga asapite kwa wina.

Mdzukulu wa ku Makokoba: Theka la zingati? Kutumiza kwa ndani? Asisi, DZINA la malowo. Nditha kukafunsa ndekha Loweruka ngati ali kuno.

Mjoni Wakale: Foni kotchaja masiku atatu? Ine wanga anandiuzanso zomwezo mu 2016.