Filimu ya infrared imene Kodak anasiya ija, kusaina petishoni kungaibweze?

WaKuChilomoni:
Akuluakulu ndigawireniko nzeru. Sabata yatha timalongedza katundu wa malume anga amene anatisiya chaka chatha, anali ojambula maukwati ndi zinkhoswe konkuno ku Blantyre ine ndisanabadwe nkomwe. Pansi pa bedi tinapeza katoni, mkatimo muli Pentax yakale, manegetivi osawerengeka, ndi timabokosi titatu ta filimu tosatsegula polembedwa kuti Kodak High Speed Infrared, HIE. Ine ndi mwana wa digito nde ndinangoti filimu ndi filimu basi, koma nditafufuza pa intaneti ndapeza azungu akulira ngati pamaliro, ati Kodak anasiya kupanga mu 2007 ndipo ena akupemphabe anthu kuti asaine zoti ibwerere, iyoyi ndi inzake yotulutsa mitundu ija amati Aerochrome. Kodi kusainako kumaphula kanthu kapena nkungotha bando? Nanga titatuti ndingajambulire kapena ndingosunga ngati chikumbutso cha malume?

MdalaWaStudio_Limbe:
Mwana wanga pepa ndi zovutazo. Choyamba, USATSEGULE kachitini kakuda momwe muli filimumo poyera, ngakhale pamthunzi, ngakhale m'nyumba. HIE timaiika mu kamera mumdima wandiweyani, ine ndinkalowa m'bafa usiku nkutchinga pansi pa chitseko ndi bulangete. Filimu zina kumbuyo kwake anapaka kamankhwala koletsa kuwala kudumphadumpha, iyi ilibe, nde kuwala kukangogwira kamchira kamene kamatulukira panja kaja kamayenda mpaka mkati. Koma kusowa kwa kamankhwala komweko ndi kumene kunkapatsa zithunzi zake kachifunga kowala m'mbali mwa zinthu, kamene anthu akulirira lero.

Ndinajambulapo rolo ziwiri zokha moyo wanga wonse, mnzanga anandibweretsera kuchokera ku Joni. Yoyamba ndinapita nayo ku Thyolo m'minda ya tiyi, dzuwa lili paliwombo, fyuluta yofiira kutsogolo. Nditatsuka ndinakhala kaye pansi. Tiyi yense mbee ngati wathiridwa ufa woyera, thambo lakuda bii ngati kukubwera chimvula, mayi wina wothyola tiyi dengu kumsana akuoneka ngati akuyenda mu thonje. Masamba amoyo amabweza kwambiri kuwala kumene maso athu saona, ndiko amati infrared, filimuyo imaona mpaka cha m'ma 900 nm (muyezo wa mafunde a kuwala) pomwe ife timathera cha m'ma 700. Ukayang'ana pa lenzi ya malume akowo upeza kadontho kofiira pafupi ndi manambala a fokasi, ukafokasa umasuntha pang'ono kufika pamenepo apo bii zonse zituluka mbuu.

Yachiwiri ndi imene imandiwawa mpaka pano, ndinajambula tchalitchi cha St Michael and All Angels ndi mitengo yake yonse ija, ndiye ulesi unandigwira ndinakasiya ku studio ina mtauni, ndinanena kawiri konse kuti osayatsa getsi lililonse, mnyamata wake anayatsa kagetsi kofiira ka m'chipinda chotsukira kaja ati ndi mmene timachitira masiku onse. Rolo yonse yakuda. Ndinangolipira nkumapita, ndikanatani.

Zako zitatuzo usayembekezere zambiri, filimu imeneyi imafuna fuliji, ndiye zaka zonsezi pansi pa bedi ndi kutentha kwa Okutobala wathuyu... yesa imodzi uone.

Nachisale_Pix:
Adala mwafotokoza bwino, ine ndiyankhe za petishoniyo. Achimwene musadzivutitse. Mu 2007 momwemo ojambula anachita kampeni, makalata kupita ku Kodak, kudandaula paliponse, HIE inabwerera? Ayi. Aerochrome nayo inatsatira mu 2009. Vuto anthu amaiwala kuti Aerochrome sinapangidwire ife ojambula zokongola. Inayamba nthawi ya nkhondo yachiwiri m'ma 1940 kuti asilikali ali mundege azindikire pomwe adani abisa zida, chifukwa tsamba lenileni limatuluka lofiira pomwe penti wobiriwira satuluka choncho. Kenako ogula akuluakulu anali a zankhalango, a mapu ndi a zaulimi, ankagula chimpukutu chachikulu osati karolo kamodzi. Amenewo atasamukira ku digito ndi masetilaiti msika unathera pompo.

Makina opaka filimu si chigayo choti ungagayitse ndowa imodzi nkuzimitsa, akaliza amafuna atulutse yambirimbiri, ndiye filimu yake yosachedwa kuwonongeka, aigulitsa kwa ndani isanafe? Kodak yeniyeniyo inagwa mu Januwale 2012 mpaka kukapempha chitetezo kukhoti chifukwa cha ngongole. Chaka chomwecho fakitale ya Fotokemika ku Croatia imene inkapanga Efke IR820 inatsekanso. Kusaina nkwaulere nchifukwa chake aliyense amasaina, muwauze atulutse ndalama muone mmene athawire. Ifenso kuno forex yake iti yoti tiziitanitsira filimu kkkk

Bigi_Zingwangwa:
Asisi mwalasa koma mwaponya mbali imodzi. Nanga Ektachrome, filimu ina ya Kodak yomweyo? Anaisiya, anthu analira, mu 2018 inabwerera, ndi T-Max P3200 chaka chomwecho. Fujifilm anasiya filimu yawo ya Acros mu 2018, phokoso litakula anatulutsa Acros II mu 2019. Polaroid atatseka anthu ochepa chabe anatenga fakitale ya ku Enschede ku Netherlands mu 2008 nkuyambiranso kupanga, poyamba zithunzi zake zinali zomvetsa chisoni koma lero ilipo. Mwana akapanda kulira amafera pamsana, kampani idziwa bwanji kuti kuli ofuna?

Ndikuvomera kuti infrared ndi yovuta kuposa zimenezo, koma onani zimene Richard Mosse wa ku Ireland anachita ndi Aerochrome kum'mawa kwa DR Congo filimuyo atasiya kale kupanga. Mapiri a pinki, asilikali ndi mfuti ataima mu udzu wofiira ngati magazi, mpaka zinakaonetsedwa ku chionetsero chachikulu cha zaluso cha Venice Biennale mu 2013. Ana ambiri anaidziwira pamenepo, ndipo marolo otsala mitengo yake inapenga. Ine loto langa nkukwera pamwamba penapake ndi rolo imodzi yokha, ndijambule Michiru kenako nditembenuke ndijambule phiri la Ndirande. Kwina kufiira, kwina mbuu ngati mutu wometa. Chithunzi chimenecho ndikanakachipachika pomwe amagulitsa makala. Ine ndinasaina kale, sizinandidyere kanthu.

Nachisale_Pix:
Bigi Ektachrome inabwerera chifukwa achinyamata anayambanso KUGULA filimu, osati masiginecha. Koma la Ndirande lo mwandigwira mtima, mukapita mundiitane.

Tekinishani265:
Mukukangana za malemu pomwe amoyo alipo. Rollei Infrared 400 ikupangidwabe, Ilford SFX 200 nayonso, ngakhale SFX imangofika cha m'ma 740 nm nde siiyera kwambiri ngati HIE. Muike fyuluta ya Hoya R72, ukaiyang'ana imaoneka yakuda bii, kotero fokasani musanaimange ndipo thirayipodi ndi yofunika chifukwa shata imakhala yochedwa. Zonsezi ndi black and white, mankhwala ake ndi wamba omwe aja, mumatsuka nokha pakhomo mu kathanki. Wina akamabwera kuchokera ku Joni kapena UK mutumeni.

Njira yotchipa ndi digito yakale. Sensa imaona infrared kale, anangoitchinga ndi kagalasi kutsogolo. Tengani rimoti ya TV muilozetse ku kamera ya foni nkudina, mafoni ambiri muona kagetsi kakuphethira pomwe ndi maso simukuona kanthu. Ine ndinachotsa kagalasiko mu Nikon D70 yakale, screw imodzi inagwera pansi ndinaisaka ola lathunthu ndi tochi magetsi atazima, koma ikugwira. Mitundu ya Aerochrome yeniyeni singafanane ndendende, mumachita kusinthanitsa ma channel a mitundu pa kompyuta, komabe mitengo ya ku Mandala imatuluka yofiira bwinobwino.

WaKuChilomoni:
Zikomo nonse. Ndasaina, asisi musandiseke. Titatu tija ndatiika mu fuliji m'kontena ya majarini, mayi afunsa kale kawiri kuti ndi ndiwo zanji zimenezi. Adala a ku Limbe, kadontho kofiira ndakapeza pa lenzi! Loweruka likubwerali ngati kuli dzuwa ndikufuna ndiyese imodzi ku tchalitchi komwe kuja, kathanki kotsukira muli nakobe? Bulangete ndibweretsa ndekha.