Andisankha kukalankhula pa chiliza cha mnzathu wakuntchito, ndikanene zotani?

WaKuKanengo:
Abale ndithandizeniko maganizo. Loweruka likubwerali kuli mwambo woonetsa chiliza cha achimwene ena amene tinagwira nawo ntchito zaka 11, anali adalaivala athu, ndiye akubanja aimba foni kuti pakhale mmodzi wolankhula m'malo mwa akuntchito, anzanga onse angoloza ine. Munthuyu anatisiya mu January 2021 nthawi ya Covid ija, sabata yomwe ija tinamva kuti nduna ziwiri, a Sidik Mia ndi a Lingson Belekanyama, zamwalira tsiku limodzi. Maliro anaika mothamanga kumudzi kwawo ku Ntcheu, ife sitinapite nkomwe, tinangosonkha chipepeso pa Mpamba basi, ngakhale kukagona pasiwa ayi. Mpaka lero zimandiwawa. Ndiye ndakhala ndi pepala masiku atatu koma ndangolembapo kuti anali munthu wabwino wokonda banja lake, kenako mutu waima. Kodi pamwambo ngati umenewu munthu amanena chani? Komanso tingotenga nkhata yokha kapena tisonkhenso kenakake?

MkuluWaMpingo:
Pepani achimwene. Choyamba musaiwale mwambo, muyambe ndi kupereka ulemu kwa amfumu, abusa, eni mbumba ndi anamfedwa, kumudzi mukalumpha amfumu zonse zimene munene pambuyo pake anthu samvanso. Chachiwiri mbiri ya malemu musaibwereze, zoti anabadwa liti, sukulu anaphunzira kuti, ukwati anamanga chaka chanji, izo awerenga akubanja. Inu mukanene zimene iwo sakuzidziwa, mmene munthuyo ankakhalira kuntchito. Mphindi zisanu zakwana, anthu amakhala padzuwa. Ndipo chonde musakalonjeze pa maiki zinthu zoti simuchita, ndaonapo anthu akulumbira pamanda kuti ana awa tiwaphunzitsa ife, mwezi kutha foni osayankhanso.

Mfana_wa_Ndirande:
Ine musandide koma pamaliro aliyense amasanduka mngelo. Munthu wake anali wovuta, ngongole mbwee, koma ukamva olankhula ungati ukuika wina. Ngati analidi wabwino nenani chimene anachita, osati zoti anali mzati wa kampani, mawu amenewo tinatopa nawo.

WaKuKanengo:
Ayi amwene simukunama, koma uyu analidi choncho. Ndikupatseni chitsanzo. Tikamachokera ku Blantyre kubwerera ku Lilongwe, pa Lizulu ankaima ngakhale mutanena kuti tachedwa, amatsika nkugula mbatatesi ndi kabichi milu iwiri, wina wakunyumba kwake wina wa apongozi ake aakazi, ndipo amachita kumanga padera kuti zisasokonezeke. Ife tinkamuseka kuti anadya khuzumule, iye amangoti sekani sekani mudzakalamba nokha. Malipiro akalowa samakhala nafe kumowa, amayamba wakalipira fizi, malisiti onse amasunga mu kabuku kofiira kamene kanali mgalimoto. Tsiku lina mwana wanga anadwala malungo usiku cha m'ma 1, ndilibe galimoto, ndinangomuimbira kamodzi, anabwera ndi kabudula ndi patapata, mpaka kucha ali nane pabenchi kuchipatala, mmawa wake nkupita kuntchito ngati palibe chachitika. Koma vuto analinso nalo eti, Maule akaluza Lolemba osamuyankhulitsa, ndiponso pa bawo anali wachinyengo kwabasi, njombwa zimasowa uli pompo.

Mfana_wa_Ndirande:
Kkkkk ndiye mukuvutikiranji, mwalemba kale apa. Ya bawoyo musaisiye, anthu aseke pang'ono, chiliza si maliro atsopano.

MayiWaAnaAtatu:
Ine ndiyankhe ngati munthu amene ndinakhalapo pamkeka wa namfedwa. Zimene analankhula pamaliro a bambo a kunyumba kwathu zambiri sindikuzikumbuka, mutu umakhala sukugwira. Chimene ndimakumbuka ndi mnzawo wina wakuntchito amene ananena kuti nthawi ya nkhomaliro bambo ankatsegula kontena nkumauza anzawo kuti ndiwo izi waphika mkazi wanga, inu simungazipeze kulikonse. Ine sindimadziwa kuti amandinyadira choncho, ndinalira koma kulira kwina. Ndiye nkhani ya Lizuluyo kaineneni, apongoziwo ngati ali moyo ayimve ndi makutu awo.

Za nkhata tengani, koma nkhata imauma sabata yomweyo. Ngati mungathe sonkhani kangachepe muike mu envulopu mukapereke mmanja mwa mayiwo panokha, osati kulengeza pagulu, chifukwa zikalengezedwa aliyense amawerengera. Mukawafunsenso mwakachetechete ngati za penshoni ndi inshulansi zinatuluka zonse, ambiri timangokhala chifukwa sitidziwa poyambira ndipo inu akuntchito ndi amene mumadziwa khomo logogoda. Ine achibale anafuna kutenga nyumba mpaka firiji, chinandipulumutsa ndi lamulo lija la 2011 la chuma cha masiye, loti kulanda katundu wa malemu ndi mlandu, nditangotchula zopita kwa a DC onse anazizira. Koma zimenezi musakazitchule pa maiki, mungayatse moto pamanda.

WaKuKanengo:
Amayi zikomo kwambiri, mwandigwetsa misozi mu ofesi muno. Apongoziwo alipo, akalamba koma akumva bwinobwino. Za penshoni ndifunsa mawa kwa oona za antchito. Ndaika uthenga pa gulu lathu la WhatsApp, anthu 14 avomera kale kusonkha, ndipo kabuku kofiira kaja kapezeka mu kabati ya madalaivala, palibe anakataya. Ndikufuna ndikapereke kwa mwana wawo woyamba, pano ali ku koleji.

MkuluWaMpingo:
Kabukuko mukapereke mwambo ukatha, kunyumba, osati kumanda. Ndipo munyamuke m'mamawa, M1 Loweruka siyodalirika, mapemphero akumudzi akati 9 koloko abusa ena amayambadi 9.

WaKuKanengo:
Tinyamuka 5 koloko. Anzanga akuti tikadutse kaye pa Lizulu tigule mbatatesi, milu iwiri.